Kachubu ka mafuta ndi masamu a Sitandade 7

Lachitatu usiku. Tulo takana kubwera chifukwa cha nkhani ya mafuta ophikira.

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito yopeza mtengo wa chinthu chimodzi pamene wapatsidwa mtengo wa zinthu zambiri. Za m'kope anazimaliza msanga, pakuti ngati mazira 30 ali pa K12,000, kugawa kokha kumasonyeza kuti dzira limodzi ndi K400. Ine, pofuna kudzionetsa kuti sukulu ndinapitako, ndinamutuma kukatenga kachubu ka mafuta kamene amayi ake anagula pa hokala ndi K500, kuti tione ngati kamatithandiza kapena kamatidyera ndalama.

Pakachubu sipalembedwa kanthu, choncho tinakhuthulira mafutawo m'kakapu koyezera mankhwala a chifuwa, ndipo anafika pamzere wa mamililita 50. Botolo la malita 2 ndinaliona m'sitolo Loweruka lili pa K14,000. Mwanayo anagawa 500 ndi 50 n'kupeza 10, anagawanso 14,000 ndi 2 n'kupeza 7,000, kenaka analengeza mokondwa kuti kachubu n'kotsika mtengo kwambiri. Ndinamufunsa kuti 10 ameneyo ndi mtengo wa chiyani, nanga 7,000 ndi wa chiyani. Anakhala chete akutafuna pensulo mpaka anazindikira yekha kuti wayerekeza mililita ndi lita, zinthu zosiyana muyeso. Atasandutsa malita 2 kukhala mamililita 2,000, zinaoneka kuti m'botolo mililita imodzi ndi K7 pamene m'kachubu ndi K10, kutanthauza kuti machubu 20 odzaza lita imodzi amakwana K10,000.

"Ababa, ndiye kuti timataya K3,000 pa lita iliyonse?"

Amayi ake, amene ankatsuka mbale pakhonde, anayankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Uwafunse bambo akowo ngati m'mawa uja anandisiyira K14,000 kapena K2,000."

Ndinayesa kunena kuti masamu sanama, ndipo iwo sanatsutse. Anati zimenezo anazidziwa kalekale popanda pensulo, koma botolo lalikulu likakhala m'nyumba dzanja limathira mosaumira, oyandikana nawo amabwera ndi kapu kudzapempha, ndipo la malita 2 limene tinagula pa Khirisimasi linatha m'masiku 20. Ndinawerengera chamumtima: mamililita 100 patsiku, ndiye kuti K700, pamene kachubu kamodzi ka K500 kamatifikitsa madzulo. Sindinatchule yankho limeneli mokweza, ndipo mwina n'chimene chikundisowetsa tulo, chifukwa nanenso ndinagawa bwinobwino koma ndinagawa ndi malita pamene iwo amagawa ndi masiku.

Mwanayo anafunsa kuti akalembe liti mwa mayankho awiriwa, langa kapena la amayi ake, ndipo ndinamuuza kuti alembe za mazira zija. Mafuta aja akadali m'kakapu pawindo, ndipo amayi ake akuti akununkha mankhwala.