Eunos yanga, gawo lachisanu: mipando yandidyera miyezi iwiri

Amene mwakhala mukutsatira ntchito ya kagalimoto kangaka mukudziwa kuti za injini tinathana nazo, mabuleki ali bwino, ndipo denga latsopano lija silikudonthanso. Kwa amene mwangofika kumene, ndi Eunos Roadster ya 1992, ya injini ya 1.6, ija magetsi ake amachita kutukuka pa boneti ukawayatsa. Kunja kwa Japan amaitchula Mazda MX-5, ku America amati Miata. Ndinkaganiza kuti mipando ikhala ntchito ya Loweruka limodzi. Yanditengera miyezi iwiri, ndipo ndaphunzirapo zambiri kuposa pa china chilichonse chimene ndagwira pa galimotoyi.

Vuto ndinalimva bwino tsiku limene ndinatsika chitunda cha ku Chikwawa kukayesa mabuleki aja. Galimoto inkakhota mokoma, koma ine mkatimo ndinkangoseseka. Pa kona ya kumanzere thupi lonse linkathawira ku chitseko, pa ya kumanja bondo ndinkachita kulikanikiza pa chitunda cha pakati chija pamene pali giya. Manja amene amayenera kumangowongolera anasanduka ogwirira kuti ndisagwe. Pofika ku Thabwa msana unali utauma gwa, mapewa akuwawa ngati ndasenza matumba a chimanga. Nditafika kunyumba ndinavundukula nsalu ya mpando wa dalaivala, ndipo siponji ya mbali yotulukira inali itafumbutuka ngati buledi wagonera, chitsulo chikuoneka. Zaka zoposa 30 munthu akukhalapo ndi kutsikapo, palibe chodabwitsa.

Palinso vuto lachiwiri limene ndakhala nalo chigulire galimotoyi. Ndine wamtali mamita 1.83, ndipo denga likatsekedwa tsitsi limakhudza kachitsulo kogwira dengalo. Pa hampu iliyonse ya mu Blantyre muno, ndipo mahampu alipo ambiri, mutu umagunda. Choncho sindinkangofuna mpando wogwira thupi, ndinkafunanso wondikhazika pansi.

Sabata yoyamba ndinaitayira pa foni, kuyang'ana zithunzi. Mayina ake ndi odziwika kwa aliyense wokonda galimoto zothamanga: Recaro ya ku Germany, Sparco ya ku Italy, Bride ya ku Japan, Cobra ya ku England. Mtima wanga unali pa Bride, chifukwa galimoto ya ku Japan imaoneka bwino ndi mpando wa kwawo, komanso ali ndi mtundu wotchedwa Low Max umene anaupangira galimoto zopanikizika mkati, kuti munthu akhale pansi komanso molunjika chiwongolero. Ena kunja amaikamo mipando ya Lotus Elise, yopyapyala kwambiri, koma imeneyo kuipeza kuno n'kovuta ndipo sindinataye nayo nthawi.

Chimene chinandibweza pa zithunzi ndi tepi yoyezera. Kagalimoto aka n'kopanikizika kwambiri mkati. Chitunda cha pakati n'chachikulu, chitseko chili pafupi, ndipo kumbuyo kwa mpando kuli khoma pomwepo. Mipando yambiri yooneka bwino imakhala ndi mapewa otambalala ngati mapiko, ndipo mapikowo amagunda chitseko kapena galasi usanatseke n'komwe. Ndinatenga katoni ya firiji, n'kudula chifaniziro cha pansi pa mpando ndi cha mapewa potsatira miyeso imene opanga amalemba, kenako n'kumalowetsa m'galimoto nditachotsa mpando wakale. Mwa mipando isanu ndi umodzi imene ndinalemba papepala, itatu inagwa tsiku lomwelo. Katoni yaulere ija inandipulumutsa ku kugula chinthu cha madola ambiri chimene chikanangokhala pabalaza, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira panopa, kulakwitsa kotero sikubwezeka.

Kenako panabwera yesero. Mnzanga wina ananditumizira uthenga kuti pali munthu akugulitsa mipando iwiri yolembedwa dzina lalikulu, pa mtengo wochepa zedi. Ndinapita kukaiona madzulo. Patali inali yokongola, nsalu yatsopano, zilembo zowala. Nditaitembenuza chagada, nkhani inasintha. Chigoba chake cha fiberglass chinali chopyapyala moti nditachiloza ku dzuwa kuwala kunkadutsa m'malo ena. Ndinaponda pansi pake ndi phazi, n'kukoka mapewa ake ndi manja awiri, ndipo mpando wonse unapindika n'kulira kuti tswa. Mabowo a mabawuti sanali pa mzere umodzi. Chizindikiro cha FIA, bungwe la mipikisano ya galimoto, panalibe, nambala ya mpando panalibe.

"Bwana, mukuopa chiyani? Anyamata ambiri aika imeneyi, palibe wadandaula," anatero wogulitsa uja.

Ndinamuthokoza n'kunyamuka. Mpando woterewu ukhoza kukhala bwinobwino zaka zisanu, chifukwa ntchito yake yeniyeni imadzafika tsiku limodzi lokha, pamene minibasi yakumenya kumbuyo pa mphambano. Ukathyoka msana pamenepo, munthu umagwa chagada ndipo lamba amakhala kuti sakugwiranso chilichonse. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa ndikuona mipando yotereyi ikuchuluka m'galimoto za achinyamata, ndipo ambiri akuigula osadziwa kuti si yeniyeni. Mukapita kukaona mpando, musayambe ndi nsalu. Utembenuzeni kaye.

Pamenepa ndi pamene ndinaphunzira za chizindikiro cha FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse. Mipando yambiri ya mpikisano imayesedwa pa muyezo wotchedwa 8855-1999, ndipo imaloledwa mu mpikisano kwa zaka zisanu kuchokera pamene inapangidwa. Zakazo zikatha, wothamanga sangaugwiritsenso ntchito pa mpikisano wotsatira malamulo a FIA, ngakhale mpandowo utakhala kuti ulibe banga. Ndiye amaugulitsa motchipa n'kugula wina. Kwa ife oyenda pamsewu wamba, mpando wotere ndi mwayi, bola ukhale kuti sunachitepo ngozi. Ku South Africa kuli mabwalo a mpikisano ngati Kyalami ndi Zwartkops, ndiye mipando yotha nthawiyi imapezeka.

Alamu anga amakhala ku Johannesburg, ndipo mwamwayi timavala thalauza la saizi imodzi. Iwo ndi amene anandipezera Sparco Sprint wogwiritsidwapo kale ntchito. Mpando umenewu si wa fiberglass, mkati mwake muli mafelemu a mapaipi achitsulo okutidwa ndi siponji ndi nsalu. Ndi wopapatiza, n'chifukwa chake eni ma MX-5 ambiri amaukonda. Ndinawapempha zinthu zitatu: akhalepo mphindi zosachepera 15 osati kungoyesa n'kudzuka, ajambule chizindikiro cha FIA chikuwerengeka, ndiponso avundukule nsalu pansi kuti tione ngati mapaipi ali ndi dzimbiri kapena ngati anawotchereredwaponso. Anaimba foni ali chikhalire pampandopo.

"Alamu, m'chiuno mukugwira bwino, koma mukanenepa pang'ono basi mudzaugulitsa."

Ndinawauza kuti atenge. Unabwera pa lole kudzera pa Mwanza, wokulungidwa m'bulangete, ndipo msonkho wa MRA ndinaulipira. Amene mukuganiza zoitanitsa, msonkho ndi mtengo wonyamulira muziwerengeretu poyamba, chifukwa mpando ndi chinthu chopepuka koma chodya malo.

Ndinagula umodzi wokha, ndipo chifukwa chake n'chakuti mayi akunyumba anauyesa pakhonde tsiku limene unafika. Mbali zake n'zazitali, munthu umachita kulowamo ngati m'beseni. Anakhala, anayesa kudzuka, kenako anandiyang'ana.

"Bambo, ndi chitenje ndizitsika bwanji apa pa tchalitchi, anthu akuona?"

Ananena zoona, ndipo ine sindinaganizepo. Galimotoyi ndi yochepa kale msinkhu, kutsikamo kumafuna luso ngakhale ndi mpando wamba. Tinagwirizana kuti mbali yawo tibwezeretse mpando wakale womwewo, koma wokonzedwa. Ndinaupititsa kwa bambo wina wosoka mipando ku Ndirande, amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira ine ndili ku pulayimale. Anautsina siponji ndi chala, n'kundionetsa kuti ya pakati ikadali yamoyo, yofa ndi ya m'mbali yokha. Adula yatsopano yolimba n'kuimata m'mbalimo. Ndinkafuna chikopa chopanga chija chifukwa chimapukutika msanga, koma anandiletsa.

"Achimwene, galimoto yopanda denga, dzuwa la Okutobala, mukufuna mayi azipsa miyendo? Ikani nsalu."

Tasankha nsalu yakuda yofanana ndi ya Sparco, kuti mipando iwiriyi ngakhale ndi yosiyana maonekedwe isaoneke ngati yotoleza.

Tsopano gawo limene linandisowetsa tulo, lomwe pa zithunzi za pa intaneti silioneka: chomangira mpando ku galimoto. Pansi pa Eunos si pafulati. Pamene mabawuti anayi a mpando amalowa pali timitunda, ndipo mabowo ena ndi opendekeka. Mpando watsopano sungangoukhazika n'kumanga. Pamafunika buraketi. Njanji zosunthira mpando kutsogolo ndi kumbuyo zimawonjezera msinkhu, ndipo ine msinkhuwo ndi umene ndinkalimbana nawo, choncho ndinasankha kuumanga malo amodzi osasuntha. Woyendetsa galimotoyi ndine ndekha. Pamene makaniko wamfupi adzafune kuisuntha pa garaja, adzaika pilo.

Wowotcherera woyamba amene ndinamupeza anatulutsa zitsulo zotsala pa mawindo a nyumba n'kunena kuti pofika madzulo zikhala zatheka. Ndinakana mwaulemu. Malamulo a FIA a galimoto za mpikisano amanena kuti mpando umangidwe malo osachepera anayi, ndi mabawuti osachepera mamilimita 8, ndipo chitsulo cha buraketi chisachepere mamilimita 3. Ine sindikupita ku mpikisano, koma ndinaona kuti muyezo umenewu ndi poyambira pabwino. Wachiwiri, wa ku Limbe, anamvetsa. Tinagula chitsulo chafulati cha mamilimita 5, tinayamba tapanga chifaniziro cha katoni, kenako cha thabwa, chitsulo n'kudula pomaliza. Tinagwiritsa ntchito mabowo anayi omwe a fakitale, sitinaboole pansi pa galimoto paliponse. Mabawuti ndinagula olembedwa 10.9 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake, osati aja opanda chilembo ogulitsidwa pa mulu. Tinapenta buraketi kawiri kuti dzimbiri lisailowe nthawi ya mvula.

Kupeza malo oyenera kunatitengera masana onse. Ndinkakhala, kuponda kilatchi mpaka pansi, kuona ngati bondo likadali lopindika pang'ono. Kenako kutambasula dzanja mapewa ali chigonere pampando, kuona ngati polumikizira dzanja pakufika pamwamba pa chiwongolero. Tinasuntha kanayi, pang'onopang'ono, tikulemba ndi choko. Tinakwezanso kutsogolo pang'ono kuti ntchafu zizitsamira, apo ayi kulemera konse kumathera pa fupa la kumapeto kwa msana. Ulendo woyamba mpando unapendekera ku chitseko moti chiwongolero chinali cha kumanzere kwa chifuwa changa, ndipo tinachita kuboolanso buraketi kuti ubwere pakati.

Za malamba, anthu angapo andifunsa ngati ndiika aja a mpikisano odutsa m'mapewa onse awiri, poti mpandowu uli ndi mabowo ake. Ayi, pakadali pano. Malamba amenewo amafuna chitsulo chotchinga kumbuyo kwa mutu, chija amati roll bar, chifukwa amakugwira chilili, ndipo galimoto yopanda denga lolimba ikagubuduka mutu ndi umene umakhala pamwamba pa zonse. Amafunanso kumangidwa pa msinkhu wa mapewa kapena kutsikirapo pang'ono chabe. Ukawamanga pansi kumbuyo kwa mpando, pa ngozi amakanikiza msana. Ndasunga lamba wa fakitale. Chimene ndinaonetsetsa n'chakuti gawo la m'chiuno lidutse m'mabowo a m'mbali mwa mpando kuti ligone pa mafupa a m'chiuno, osati kulendewera pamwamba pa mbali zazitalizo n'kusiya mpata pamimba. Bawuti ya lamba ili ndi mazinga akeake, 7/16 UNF, ngakhale pa galimoto za ku Japan, ndiye musakakamizepo bawuti wamba chifukwa choti ikuoneka ngati ikulowa.

Lamlungu lapitali ndinadzuka m'mamawa n'kulowera msewu wa ku Thyolo, mbali ya kumanzere kulibe mpando, kuli kapeti yokha. Kusiyana kunamveka pa kona yoyamba. Thupi linakhala pamalo pake, manja anapepuka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkamva kudzera m'chiuno zimene matayala akumbuyo akuchita. Pakati pa mutu ndi kachitsulo ka denga tsopano pakulowa zala zitatu. Zovuta ziliponso. Siponji yake ndi yopyapyala, ndiye dzenje lililonse la mumsewu limafika ku msana osachotsera, ndipo nditayenda ola limodzi m'munsi mwa msana munayamba kutopa. Masipika ang'onoang'ono amene anali m'chotsamira mutu cha mpando wakale apita nawo, moti denga likatsegulidwa wailesi sikumvekanso bwino mbali yanga.

Bambo a ku Ndirande aja ati andisokera kapilo kopyapyala ka m'munsi mwa msana ndi nsalu yotsala, ndipo mpando wa mayi ukhala utatha Lachinayi. Ndikaumanga ndidzayendanso makilomita 200, kenako ndidzabwereza mabawuti onse asanu ndi atatu ndi sipanala kuona ngati pali yamasuka, ndisanapite nayo ku COF mwezi wamawa.