Mkuyu wa banja la Carrillo ndi munda wa ku Tucson

Pa phunziro la kachulukitsidwe ka mitengo ya zipatso tinapatsidwa nkhani ya Mission Garden, munda wa mumzinda wa Tucson ku Arizona, m'dziko la America. Uli m'munsi mwa phiri la Sentinel Peak, m'mbali mwa mtsinje wa Santa Cruz, komwe anthu akhala akulima chimanga kwa zaka zoposa 4,000. Amishoni a ku Spain anautchingira mpanda m'zaka za m'ma 1700, koma pambuyo pake unasiyidwa, mpaka m'ma 1950 mzindawo unkatayira zinyalala chapafupi pomwepo.

Anthu ataganiza zoukonzanso mundawo, kumanganso mpanda sikunali kovuta. Funso linali lakuti mitengo yakale ija aitenga kuti. Jesús García wa ku Arizona-Sonora Desert Museum, yemwe anakulira ku Magdalena m'chigawo cha Sonora ku Mexico, anayendayenda kuseri kwa nyumba za mabanja akale, kudula nthambi za mikuyu, makangaza ndi quince (chipatso chooneka ngati apulo). Nthambi yodula ikamera mizu imakhala mtengo womwewo, monga timachitira ndi chinangwa, pomwe njere imatha kubala china. Mitengo yoyamba anaibzala m'mundamo mu 2012.

Pakati pa mitengoyo pali mkuyu wochokera pa nyumba ya Sosa-Carrillo, nyumba yakale ya ku Tucson yomwe munkakhala banja la Leopoldo Carrillo. Leopoldo Carrillo anabadwira ku Sonora mu 1836, nasamukira ku Tucson mu 1859, patangopita zaka zisanu dera la Tucson litagulidwa ndi America kuchokera ku Mexico. Anachita malonda mpaka kulemera, ndipo anatsegula Carrillo Gardens, malo a mitengo ya zipatso ndi maiwe komwe anthu ankapita kukapumula. Chakumapeto kwa m'ma 1960 akuluakulu a mzinda anagumula dera lalikulu lomwe munkakhala mabanja ochokera ku Mexico, kuti amangepo holo yaikulu ya misonkhano. Nyumba ya a Carrillo inatsala, makamaka chifukwa anthu ena ankati John C. Frémont, yemwe anali bwanamkubwa wa Arizona, anakhalamo. Kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la Frémont, osati la eni ake amene anakhalamo mibadwo ingapo. Zimenezi ine zandiwawa.

Pa lipoti langa ndalembamo kuti amene ankathirira mkuyuwo chilimwe chilichonse m'chipululu chotentha chija ndiwo anasunga mbewu. Aphunzitsi akufuna ndionjezerepo kadulidwe ka nthambi: utali wake, ndi nyengo yomwe mtengo wayoyola masamba.