Mwana wa ku Chipata aphunzire za magwafa, osati za maapozi a pa chithunzi

Imani pa geti ya sukulu iliyonse muno mu Chipata nthawi ya bureki muone zimene ana amagula, ma Jiggies, mafiriziti, vitumbuwa, maswiti, pomwe amayi a nthochi ndi magwafa angokhala pambali kuingitsa ntchentche. Sikuti anawa sadziwa ayi. M'kalasi analemba bwinobwino m'makope kuti zipatso ndi ndiwo zamasamba zimateteza thupi ku matenda, pa mayeso amakhoza ndithu. Koma mwana angotulutsa masuku kapena bwemba m'chikwama, anzake ayamba kumuseka ati ndi wa kumudzi, mawa lake sabweretsanso.

Ine ndimaona kuti vuto lili pa kaphunzitsidwe. Pa zithunzi zambiri za m'kalasi pamakhala maapozi ndi magirepi, zinthu zodula za m'masitolo a m'tauni, ndiye mwana amangoti zipatso zenizeni ndi za anthu a ndalama. Chonsecho gwafa wa kuseri kwa nyumba ali ndi vitamini C wambiri kuposa lalanje, malambe nawonso chimodzimodzi. Mango wakupsa, papaya, maungu ndi mbatata zofiira mkati zija zimapatsa thupi vitamini A, yemwe kuchepa kwake kunachititsa kuti shuga wa muno m'Zambia aziikamo vitaminiyu kuyambira 1998. Mwana adye shuga kuti apeze chomwe chili mu mtengo wa pakhomo, zoona?

A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati mwana wa zaka 6 mpaka 9 azidya magalamu 350 a zipatso ndi masamba pa tsiku, akafika zaka 10 akhale 400. Yerekezani ndi kandiwo kamene timapatsa ana pambali pa nsima, kongonyowetsera mbamu basi.

Ndiye pali nkhani ya kaphikidwe, apa makolo tisathawe. Bonongwe, nkhwani, kholowa, chisoso, lumanda, zonse zilipo zotchipa pa msika wa Kapata ndi pa Saturday Market, koma timaziwiritsa mpaka zitada bii, therere timalithira soda wambiri, ndipo soda ndi kuphika nthawi yaitali zimapha mavitamini ena, makamaka C. Kutendera kokha ndiye tinakhoza, chifukwa mafuta a mu nsinjiro amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba, ndipo nshawa kuno kum'mawa sitichita kupempha. Mwana wa giredi 5 akaphunzira zimenezi kusukulu amakauza amake kukhitchini, mwina amukalipira kaye koma amva.

Aphunzitsi, dimba la sukulu lija timati production unit lisakhale malo a panishimenti. Mwana wochedwa ndiye akathirire repu, repuyo akakula agulitsidwa mwana osalawako, mukuganiza azikonda masamba ameneyo? Kalasi iliyonse ikhale ndi bedi lake, abzale okha, athyole okha, aphike ndi kudya limodzi ndi aphunzitsi awo, chifukwa aticha akamadya masuku poyera palibe amene aseke mnzake.

Mango amachuluka mu Disembala masukulu atatseka, ambiri amangowolera pansi. Bwanji sabata yomaliza ya temu ana asaphunzire kuwadula ndi kuwayanika, komanso kufutsa masamba a nyemba ndi nkhwani mvula ikamatha? Agogo awo mfutso amaudziwa bwino, aitanidwe adzaphunzitse ngakhale piriyodi imodzi Lachisanu.