Ndinapita ku Anacortes kukalira maliro a amayi anga

Loweruka lapitali ndinali pa ofu ndiye ndinangodzuka mmamawa, kuthira mafuta mgalimoto, nkuyamba ulendo wa ku Anacortes ndekhandekha. Kuchoka kuno ku Seattle ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, umangotsata I-5 kulowera kumpoto mpaka ku Burlington kenako nkukhotera kumanzere pa Highway 20. Mvula inali ija yowaza yosakata, chiperoni weniweni ngati wa kwathu ku Mulanje, kungoti wa kuno amazizira mpaka mmafupa.

Anzanga atamva anandifunsa kuti kuli ndani kumeneko, ndinangoti kulibe. Ndikanawafotokozera bwanji kuti ndikupita kukaona tauni chifukwa cha chimbale cha mzungu wina amene sindinakumanepo naye?

Amayi anamwalira mu Febuluwale chaka chino. Ine sindinapite. Amene muli kunja kuno mukudziwa nkhani ya mapepala, ukatuluka ndiye kuti watuluka, ndiye ndinatumiza ndalama ya bokosi, ya chimanga, ya ndiwo za anthu obwera pa siwa, ya adzukulu, zonse ndinapanga. Mwambo ndinaonera pa WhatsApp, mphwanga atagwira foni mmwamba, netiweki ikudukaduka. Amayi a Mvano atavala zoyera zawo anaimba usiku onse, ine ndili pa bedi mchipinda changa ndi mahedifoni kuopa kudzutsa amene ndimakhala nawo nyumba. Pomwe bokosi limatsikira mmanda chithunzi chinaima, chitabwerera anali atayamba kale kukwirira. Tsiku lotsatira ndinapita ku shifiti kukasambitsa agogo a eni ake. Amalawi anzanga kuno anabwera, anasonkha chipepeso, tinapemphera, Mulungu awadalitse ndithu, koma pofika 9 koloko aliyense amayang'ana wotchi poti mawa ntchito.

Chimbalecho anandipatsa ndi mnyamata wina amene timagwira naye shifiti ya usiku, naye bambo ake anamwalira. Sanalankhule zambiri, anangondilembera pa kapepala kuti Mount Eerie, A Crow Looked at Me. Ulendo oyamba ndinazimitsa nyimbo yoyamba isanathe nkomwe. Ndinati izi si nyimbo izi, munthu akungoyankhula motsitsa mawu ndi kagitala, palibe kolasi, palibe poti nkuvomera. Koma patapita sabata ndinayatsanso, ndipo kuchokera pamenepo chakhala mgalimoto mwanga miyezi yonseyi.

Mount Eerie kwenikweni ndi munthu mmodzi, Phil Elverum, pena amaitana anzake kudzamuthandiza. Kale ankadzitcha The Microphones. Nyimbo zake amatulutsa yekha pa kakampani kake kotchedwa P.W. Elverum & Sun, alibe bwana omuuza kuti apa ika ng'oma anthu avine. Mkazi wake Geneviève Castrée anali wa ku Quebec, wojambula zithunzi za mmabuku komanso woimba. Anabereka mwana wamkazi mu 2015, patangopita miyezi yochepa madokotala anamupeza mayiyo ndi khansa ya kapamba, ndipo pa 9 Julayi 2016 anamwalira ali ndi zaka 35 zokha. Bamboyu anajambula chimbalechi mchipinda momwe mkazi wake anamwalirira, pogwiritsa ntchito zida zoimbira za malemuyo, chinatuluka mu Malichi 2017. Zonsezi zinachitikira ku Anacortes, nchifukwa chake ndinkafuna ndikapondeko.

Mchigwa cha Skagit minda inali yonyowa, mbalame zoyera zija zimabwera nthawi yozizira zitadzadza munda onse ngati wina wayanika ufa pa mphasa. Ukawoloka mlatho wa pa Swinomish Channel ndiye kuti walowa pa chilumba cha Fidalgo, ndipo choyamba kukulandira ndi mafakitale oyenga mafuta a ku March Point, utsi uli tolotolo. Sindimayembekezera zimenezo, mmutu mwanga munali nkhalango zokhazokha. Tauni yake ndi yaying'ono, msewu waukulu ndi umodzi, Commercial Avenue, umatsika mpaka kunyanja komwe kuli maboti. Anthu ambiri amangodutsapo pothamangira feri ya ku zilumba za San Juan. Ndinamwa tiyi, kenako ndinalowa mu The Business, shopu ya marekodi yomwe Elverum ankagwiramo ntchito ali mnyamata, kalelo ili mmanja mwa Bret Lunsford wa bandi ya Beat Happening. Ndinagula chimbale chomwecho cha pulasitiki chachikulu chija olo kunyumba ndilibe choimbira chake. Ndinkangofuna chinthu chogwirika mmanja. Za kufunsa kuti nyumba ija ili pati sindinayerekeze, pakhomo pa namfedwa supita kukasuzumira ngati malo a alendo.

Pali chimene ndakhala ndikuchiganiza miyezi yonseyi ndipo poyenda mu msewu umenewu chinandibwereranso. Ife kwathu maliro timawadziwa kulira kwake, zoona. Munthu sasiyidwa yekha, azimayi mnyumba, azibambo panja pa moto, kwaya iyi ikatopa ina ilandira mpaka kucha. Nyimbo zathu zimakunyamula, zimakuuza kuti wapita kukapuma, kuti tidzaonananso, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo mpaka pano. Koma nyimbo zonsezo ndi za masiku atatu aja anthu adakali pakhomo. Nanga sabata yachitatu, anthu atabalalika, mapoto obwereka atabwezedwa, iwe nkupeza mpango wa malemu uli pa msomali pomwe anaukoleka okha? Ya tsiku limenelo ine sindinaimvepo kwathu. Timangoti limbani mtima, basi.

Bambo uyu amaimba za tsiku limenelo. Amaimba za kutaya zinyalala usiku, za mswachi, za kugawa zovala za mkazi wake, amachita kuwerenga kuti lero papita masiku angati. Pali pena akufotokoza kuti patatha sabata chimwalirireni kunabwera katundu pa positi mdzina la mkaziyo, kutsegula anapeza ndi chikwama cha kusukulu chomwe mayiyo anaodera mwana wawo mwachinsinsi, mwana oti sukulu adzayamba patapita zaka, kusonyeza kuti ankadziwa kuti sadzakhalapo. Nditamva koyamba ndinaimika galimoto pambali pa msewu. Amayi anga chaka chatha ananditumizira chitenje ndi thumba la masamba a tiyi kudzera kwa munthu wina obwera kuno, tiyiyo ndinasiya kuphika, ali mu kabati, ndikangotsegula fungo lake ndimakhala pansi. Ndipo iyeyu sayesa nkomwe kukutonthoza, amanena poyera kuti safuna kuphunzirapo kanthu pa imfayi. Ena anganene kuti kumeneko nkusowa chikhulupiriro. Ine ndinamva ngati kwa nthawi yoyamba wina wandilola kuti zindiwawe osandithamangitsira ku mawu achilimbikitso.

Cha mma 12 ndinanyamuka kupita ku phiri. Dzina la bandiyi linachokera pa phiri la Mount Erie lomwe lili kummwera kwa tauniyi, iye anangowonjezerapo e mmodzi. Ndi lalitali mamita 388 okha, kwa ife obadwira mmunsi mwa Sapitwa wa mamita 3,002 timati kachulu, koma poti layima pafupi ndi nyanja ukakhala pamwamba umaona kutali. Kuli msewu wa tala okhotakhota ofika mpaka pansonga koma ine galimoto ndinaisiya mmunsi nkuyenda wapansi, ndinkafuna thupi litope ngati mmene umatopera pochoka kumanda. Mitengo yake italiitali, ndere zili mbuu pa miyala, njira yoterera, ndinakumana ndi anthu awiri okha ndi galu wawo.

Pamwamba chifunga chinali chitayamba kung'ambika. Pansi ndinaona nyanja ya Campbell ndi kachilumba kake pakati, uko chilumba cha Whidbey, madzi otuwa mbali zonse. Phiri la Baker linabisika mmitambo. Akhwangwala analipo, a kuno ndi akuda thupi lonse, alibe kolala yoyera ija ya akhwangwala a kwathu. Ndinayala chitenje cha amayi pa mwala onyowa nkukhalapo. Ndimati ndiyatsa chimbale chija koma ayi, pakamwa panga panangotuluka nyimbo ya Mvano yomwe amayi ankaikonda pophika, ndinaimba ndekha mawu akunjenjemera, popanda ondivomera, kenako ndinalira mokweza ngati mmene timalirira kwathu, kuitana amayi ine amayi ine, kulira komwe mnyumba ya lendi ku Seattle sungalire poopa kuti aneba aitana apolisi.

Kumudzi inali itadutsa 11 koloko usiku, nthawi ino timasiyana maola 10, komabe ndinaimbira achemwali anga akulu. Anayankha ndi mawu atulo, kuli bwanji kodi, kwagwanji? Ndinati palibe achemwali, ndili pa phiri, ndimafuna ndikufunseni, zovala za amayi munagawa zonse? Anakhala chete kaye. Kenako anati zambiri anatenga azakhali ndi ena patsiku lometa, koma juzi yobiriwira ija anaibisa, ili pansi pa pilo wawo, sanaichape ndipo sanauzepo munthu. Ndinawauza za tiyi uja. Miyezi 9 yonseyi timangokambirana za ndalama ya chiliza ndi simenti, za izi ayi.

Tinakhala pa foni mpaka mayunitsi awo a data anatha. Ndinapinda chitenje chili chonyowa nkuyamba kutsika, poti kuno mu Novembala ikamakwana hafu 4 kunja kumakhala kutayamba kuda.