Ku Chirunga ndinakaphunzira kufunsa mboni

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Kasungu sipalephera kutulukira mwana wankhope yakugwa. Mtima wake unali pa zamalamulo kapena zowerengera ndalama, koma dzina lamutulukira ku Humanities kapena ku zauphunzitsi, ndipo wina wamunong'oneza kale kuti kumeneko n'kwa histole, kokatayirako osowa kolowera. Funso lomwe amabwera nalo ndi lomwe lija anandiponyera malume anga, ali m'chigafa kusoka fodya osandiyang'ana n'komwe: "Ndiye iwe ukamaliza zimenezo adzakulemba ntchito ndani? Akufawo?"

Ndiyankhiretu kuti lisatitsekere njira. Ambiri mwa ife amene tinatenga histole ngati phunziro lalikulu tikugwira choko ku sekondale. Ena ali ku mawayilesi ndi ku nyuzipepala, ena ku nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale, ena amayenda m'midzi kuchitira mabungwe kafukufuku, ochepa anapitiriza sukulu n'kukhala malekichala. Ngongole ya fizi mudzabweza ngati wina aliyense. Ofuna galimoto la matayala akuluakulu asanakwane zaka makumi atatu ayang'ane kwina, ndanena poyera.

Ine ndinachitira digiri yanga ku Zomba, ku Chirunga, komwe koleji ya Chancellor inasamukira mu 1973 kuchoka ku Chichiri, kumene yunivesite ya Malawi inayambira mu 1965. Zaka zake ndi zinayi. Chaka choyamba, uli yaro, umagwira maphunziro angapo nthawi imodzi, kenako umapita nupungula mpaka kutsala ndi lomwe walikonda. Mumadutsa mbiri ya Afrika atsamunda asanabwere, malonda a akapolo ndi minyanga, ulamuliro wa atsamunda, nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, mbiri ya chuma ndi ya amayi, zonsezo. Ntchito yake ndi kuwerenga ndi kulemba basi. Buku limakhala limodzi mu laibulale, ofuna kuliwerenga kalasi yonse, ndiye mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ankatenga chigawo ichi, ine icho, usiku n'kumafotokozerana. Amene ankadikira manotsi a lekichala okha ndi omwe sapu, mayeso obwereza a olephera, inkawakonda.

Chomwe chimasiyanitsa histole ya kumeneko ndi ya Fomu 4 ndi funso limodzi lomwe linkabwera ndi inki yofiira m'mbali mwa pafupifupi asayimenti iliyonse ya kalasi yathu: wanena ndani? Kusekondale buku likati zakuti zinachitika chaka chakuti, umaloweza n'kukabwezera a mayeso. Ku yunivesite bukulo limasanduka mboni imodzi chabe, ndipo iwe umakhala ngati mfumu pabwalo yozenga mlandu wa malire a munda. Aliyense woyimirira umamumvera, koma umafunsanso kuti analipo kodi, akudya kwa yani, ndipo chomwe sakufuna kutchula n'chiyani.

Chitsanzo chili pakhomo pathu pompano. Tonse tinakula tikudziwa kuti Kamuzu anabadwa pa 14 May 1906, mpaka tsikulo lidakali la tchuthi. Koma mbiri ya moyo wake imatinso cha m'ma 1915 anali atadutsa kale sukulu ya pansi pa kachere ku Mtunthama ndi ya ku Chilanga, n'kunyamuka wapansi kulowera ku Southern Rhodesia. Werengani zala. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi? Ofufuza ambiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898, ndipo atamwalira ku Johannesburg mu November 1997, chikalata cha imfa chinati anali ndi zaka 99. Wophunzira histole sathera pongoti boma linanama. Amafunsa kuti chaka cha 1906 chinachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani kwa zaka makumi atatu palibe amene ankayerekeza kuwerenga zalazo mokweza.

Nkhani ya Mwase Chibisa ndiyo inandigwira mtima kwambiri, mwina poti phiri la Kasungu ndimaliona tsiku ndi tsiku. Mu December 1895, mwezi womwe Mlozi, wamalonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga, Alfred Swann, yemwe ankayimira boma la Harry Johnston ku Nkhotakota, anakwera ndi gulu lankhondo kudzathira Mwase nkhondo. Mudzi unagonja, Chibisa anadzipha osafuna kugwidwa, ndipo Angelezi anamanga linga lomwe analitcha Fort Alston. Mukawerenga zomwe analemba opambanawo, nkhani yake ndi yothetsa ukapolo: Mwase ankasunga Saidi Mwazungu, wamalonda wa Chiswahili yemwe boma linkamusaka. Zimenezo si zabodza. Ufumu wa Mwase unalimba ndi mfuti zogula ndi minyanga, ndipo panjira za minyanga anthunso ankagulitsidwa. Koma n'zoonanso kuti boma latsopanolo silikanalola mfumu yokhala ndi mfuti zake, yosakhoma msonkho, kukhala pakati pa njira yochokera kunyanja kupita ku Luangwa. Chaka chotsatira Gomani wa Angoni naye anaphedwa. Akuluakulu kuno akamasimba za Chibisa amakamba za mwamuna wokana kunyozeka, za akapolo zija amazidumpha. Malipoti a Angelezi nawo amafuula za akapolo, za ulamuliro n'kunong'ona. Lekichala wathu sankalola kuti usankhe mbali yokukomera n'kukhala pansi. Ankafuna uwonetse kuti mbali zonse wazimva ndipo chigamulo chako chaima pa chiyani.

Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wakewake. Ine ndinasankha za anthu omwe ankakhala m'dera lomwe lero ndi paki ya Kasungu. Alendo akamalowa pa geti kupita ku malo ogona alendo a Lifupa amaona ngati tchire lija lakhala la nyama chilengedwere. Ayi ndithu. Munali midzi, ndipo ng'anjo zosungunulira chitsulo zikadali chiimire m'katimo. Anthu anachotsedwamo kumayambiriro a zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera, ofala ndi ntchentche za kashembe. Malowo anayamba akhala nkhalango yotetezedwa, kenako kosungirako nyama, mpaka mu 1970 pomwe anakhala paki.

Ntchito inayambira ku National Archives, mu Zomba momwemo, yomwe inatsegulidwa mu 1947. Umalemba nambala ya fayilo pakapepala n'kudikira. Ikabwera imakhala chikuto chofiirira chomangidwa ndi kachingwe, m'kati muli mapepala opyapyala otayipidwa ndi kaboni, ena zilembo zikufufutika, dzimbiri la pini litadya pakona. Chokoma kwambiri si kalata yeniyeniyo koma timawu tapamanja tomwe mabwana ankalemberana m'mphepete, wina kuvomera, wina kukana, wina kungofunsa kuti ndalama zichokera kuti. Mumamva fungo la fumbi ndi utsi wa maganizo a anthu omwe ankagamula za agogo athu osawafunsa. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unapsereza maofesi akulu a boma ku Zomba n'kutha mapepala ambiri a zaka zoyambirira, choncho zambiri za nthawi imeneyo ofufuza amazitola m'zolemba za mamishoni kapena ku London.

Mapepala aboma amawerenga nyumba, okhoma msonkho ndi odwala. Akatswiri a mbiri omwe tinkawawerenga, monga John McCracken ndi Leroy Vail, anapita patsogolo n'kufunsa kuti kashembeyo anachulukiranji nthawi imeneyo. Yankho lawo limalumikiza zinthu zomwe sungaziganizire pamodzi. Mliri wa matenda a ng'ombe otchedwa rinderpest wa m'ma 1890 unapulula ng'ombe ndi nyama zakutchire, koma nyamazo zinaswananso msanga pomwe malamulo atsopano anali atalanda anthu akuda mfuti ndi ufulu wosaka. Amuna nawo anali akuchoka kukasaka ndalama ya msonkho kunja, minda n'kumabwerera thengo. Thengo likakula nyama zimayandikira, ndipo kashembe amatsata nyama. Tsono boma lomwe linkasamutsa anthu kuti liwapulumutse linali ndi dzanja pa vuto lomwe linkawapulumutsakolo.

Kenako ndinakwera kabaza kulowera cha kwa Chulu, kumalire a paki. Apa buku silikuthandiza. Umayamba kwa nyakwawa kukaonekera, apo ayi palibe amene atsegule pakamwa. Gogo wina wamkazi yemwe anandilozera anandilandira pamphasa ali kutongola chimanga. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kutulutsa kope. Atangoona kopelo anafunsa, "Mwabwera kudzalemba mayina a makuponi, bambo?" Nditati ayi, ndabwera kudzamva za kale, nkhope inasintha pang'ono, koma anandikankhira lichero kuti nane ndizitongola. Iwo sanabadwire m'paki muja, anabadwa makolo atasamuka kale. Zomwe ankadziwa anazimva kwa amayi awo: dzina la mudzi, mtsinje womwe ankatunga, mbali yomwe kunali manda, ndi mbumba yomwe inakana kutsatira anzawo n'kuwolokera ku Zambia. Chaka sankatchula ngakhale chimodzi. Ankati izi zinachitika dzombe lisanabwere, izi njala ya 49 itadutsa, izi Kamuzu atabwera kumene. Ntchito yanga inali kumasulira zizindikirozo: dzombe la m'ma 1930, njala ya 1949, kufika kwa Kamuzu pa 6 July 1958. Za kaodzera anangodutsapo. Zomwe anakhalitsapo ndi manda, kuti pali akufa awo omwe sanalandireko nsembe chichokereni.

Musaganize kuti pakamwa pa agogo m'posalakwa. Mudzi wina ndinapeza mabanja awiri akulimbirana ufumu, ndipo lililonse linandipatsa mndandanda wa mafumu woyambira kalekale wothera pakhomo pawo. Ankaona ngati kope langa likafika kwa DC. Apa m'pomwe zija za wanena ndani zimagwira ntchito, chifukwa mboni ya pamphasa nayo imafuna kuyesedwa chimodzimodzi ndi ya m'fayilo. Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Samuel Ntara anayenda m'midzi kutolera mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo Kings Phiri, yemwe anaphunzitsa nthawi yaitali ku Chancellor, anatengera digiri yake ya udokotala mu 1975 pa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati yochokera pakamwa pa anthu. Pa nthawi ya chipani chimodzi zakale zoterozi zinalinso kothawira. Chichokereni mkangano wa nduna wa 1964, mayina ngati Chipembere ndi Chiume sankatchulidwa wamba, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe loona mabuku oyenera kuwerengedwa. Kulemba za Kalonga ndi Undi kunali kogonetsa tulo kusiyana ndi kulemba za dzulo.

Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera mu paki ya Kasungu, ndipo anthu a m'malire, kuno ndi kutsidya ku Zambia, akhala akudandaula za minda ndi miyoyo. Pa Facebook ndinaona a m'tauni akulemba kuti anthuwo ndi amene analowerera malo a nyama. Ena analowereradi, pakuti malo ndi osowa m'boma lomwe maesiteti a fodya anatenga gawo lalikulu m'zaka za m'ma 1970. Koma amene wawerengako mafayilo aja ndi kukhala pamphasa paja sangalankhule mopepuka choncho. Mkanganowo uli ndi zaka zoposa 100, ndipo woyesa kuwuthetsa osadziwa pomwe unayambira adzangodabwa kuti bwanji anthu sakumumvera pamsonkhano.

Digiri imeneyi siyenera aliyense. Ngati kuwerenga masamba makumi asanu usiku umodzi kumakupweteketsa mutu, uvutika. Ngati umafuna yankho limodzi lotsekera nkhani, uvutikanso, chifukwa kumeneko amakhoza ndi amene watsutsa bwino ndi umboni, ngakhale atsutsane ndi lekichala amene. Chingerezi cholemba chiyenera kukhala chakuthwa. Koma Chichewa chako chakumudzi usachisiye pageti, ndi chomwe chidzakutsegulire makomo omwe mzungu wa digiri zitatu amafika ndi womasulira.

Pakali pano ndikutolera nkhani za madoda omwe anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko. Boma linayimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna a ku Malawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo ngakhale unadzatsegulidwanso pansi pa Theba, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, sunafikenso pachimake chake. Otsala mwa madodawa akutha msanga. Ana a Fomu 3 ndawatuma kuti aliyense akafunse kwawo, ndipo ena abwera ndi zinthu zomwe sindinkayembekeza: ziphaso zokhala ndi chidindo cha chala, makalata opita kwa akazi awo olembedwa ndi mnzawo wodziwa kulemba, chithunzi cha mnyamata wovala chisoti cha mumgodi. Mwana wina anabweretsa theka la kontalakiti, theka linalo agogo ake anapichirira chingambwe. Ngati kwanu kuli sutikesi yachitsulo ya agogo pansi pa bedi, musayatsire moto mapepala ali m'menemo. Ajambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, ndipo mufunse mwini wake, akadali moyo, kuti mgodi wake unali uti ndipo anapita ndi ndani.