Tsiku la ku Hebron ndi mkangano wa pa chakudya

Ambiri mwakhala mukufunsa lipoti la ulendo wathu wa ku Dziko Loyera. Ndiyambire tsiku la ku Hebron, poti ndi lomwe aliyense akulifotokoza mwakemwake.

Tinanyamuka ku Jerusalem m'mamawa, amayi a tcheya atatiwerenga mitu monga mwa nthawi zonse. Basi isanafike patali, amsungichuma anagwira m'thumba n'kupeza kuti pasipoti yatsala m'jekete ku hotela. Tinabwerera tikuimba, ndipo dzina loti "a Jekete" linabadwira pomwepo.

Wotiperekeza woyamba anali Myuda, bambo wofatsa. Iye ankati tikuyenda mu Yehuda ve-Shomron. Abusa anamwetulira, poti ndi Yudeya ndi Samariya yemwe uja wa m'Baibulo, ndipo anatiwerengera 1 Mafumu 16:24, pomwe mfumu Omri inagula phiri kwa Semeri ndi matalente awiri a siliva n'kumangapo Samariya. Boma la Israel limatchula deralo ndi dzina la Chihebri limeneli, ndipo lakhala m'manja mwake kuchokera pa nkhondo ya mu June 1967, pomwe linachoka m'manja mwa Jordan.

Ku Hebron, pamwamba pa phanga la Makipela, lomwe Abrahamu anagula ndi masekeli 400 kuti aikemo Sara, pali chinyumba cha miyala ikuluikulu ya nthawi ya Herode. Tinalowa mbali ya sunagoge. Kumeneko bambo aja anatiuza za Ayuda 67 omwe anaphedwa mumzindawu mu 1929, mawu awo akunjenjemera. Titatuluka tinadutsa pa chipata cha asilikali n'kulandiridwa ku mbali ya mzikiti ndi wotiperekeza wachiwiri, mnyamata wa ku Palestine. Tinavula nsapato, amayi anawaveka mikanjo yophimba kumutu. Mnyamatayo mzindawu amautcha al-Khalil, kutanthauza bwenzi, Abrahamu bwenzi la Mulungu, ndipo dera lonse amati West Bank, tsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan. Anatilozera pomwe Baruch Goldstein anawombera Asilamu akupemphera mu February 1994, n'kupha anthu 29. Nyumbayi anaigawa pakati zitachitika zimenezo. Chikumbutso cha manda a Abrahamu tinachiona kawiri, mbali iyi ndi mbali inayo, kudzera pa zenera la zitsulo.

Madzulo ku Bethlehem anatiphikira maqluba: mpunga, nkhuku ndi mabiringanya mumphika umodzi, womwe amauvundikira pa mbale yaikulu pamaso pa alendo. Tinaomba m'manja. Agogo athu anasolola kabotolo ka Nali m'chikwama, n'kunena kuti tsopano chakudya chakwana. Mkangano unabuka alembi atafunsa chabe kuti alembe chiyani pansi pa chithunzi cha gulu.

Akulu a mpingo anati palibe chofunsa, Baibulo linatchula kale kuti Yudeya. Aphunzitsi anakana. Anati bungwe la United Nations ndi maboma ambiri amati West Bank ndipo amaliona ngati dera lomwe Israel ikulamulira mwa usilikali, choncho kulemba Yudeya yekha lero ndi kulowa mbali. Akulu a mpingo anabweza kuti dzina la West Bank ndi la dzulodzuloli, linafala Jordan italumikiza deralo ku dziko lake mu 1950, ndipo ngakhale chikalata cha United Nations cha 1947 chogawa dzikolo chinatchula mapiri a Samariya ndi Yudeya. Onse ankanena zoona, n'chifukwa chake nkhani inakana kutha. Mpunga unazizira, operekera zakudya akutiyang'ana. "Abambo inu," anatero amayi a tcheya, "anthu awiri aja atilirira maliro awo lero. Mukufuna tifufute a ndani?"

Tinagwirizana kuti m'lipoti muzioneka mayina onse awiri, tizinena amene amagwiritsa ntchito lililonse, ndipo potchula 1929 tizitchulanso 1994. Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Ife tinali alendo, ndipo a kumudzi kuno amene sanapiteko adzakhulupirira chilichonse chomwe tilembe.

Zina zomwe tinaphunzira ndi izi. Pangano la Oslo la 1995 linagawa deralo m'zigawo A, B ndi C. Chigawo A, momwe muli Bethlehem, chimayendetsedwa ndi boma la Apalestina, B amachiyendetsa mogawana ndi Israel, pomwe C, chomwe ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse, chili m'manja mwa Israel. Hebron payekha anagawidwa mu 1997 kukhala H1, mbali yoyendetsedwa ndi Apalestina, ndi H2, mbali yolamulidwa ndi asilikali a Israel.

Tikuthokoza abusa potipempherera pa chipata chilichonse, amayi a tcheya potibweza tonse osasowa mmodzi, ndi a kwaya omwe anagwetsa misozi alendo anzathu m'tchalitchi cha kubadwa kwa Yesu. Akulu a mpingo ndi aphunzitsi anakhala mpando umodzi m'ndege pobwerera, zikomo kwambiri achikulire. Amene simunamalize chopereka cha zithunzi, kaonaneni ndi a Jekete Lamulungu likubwerali tikaweruka.