Nkhomaliro ya kumunda wa mphesa ku Franschhoek

Abale inu, ndangochoka kumene ku nkhomaliro kumunda wa mphesa ku Franschhoek, kuno ku South Africa, ndipo mtima sunakhazikikebe. Matebulo ali panja pansi pa mitengo, mapiri atizungulira, ndiye poti ndi February nthawi yokolola, mathirakitala amangodutsa atasenza makreti a mphesa. Tchizi, buledi wotentha, maolivi, kagalasi ka vinyo wa Chenin Blanc kozizira bwino, eeh zinthu zake.

Koma wandigwira mtima ndi mnyamata amatiperekera chakudya uja. Atamva ine ndi asisi tikunong'onezana za mitengo ya pa menyu anangotilonjera m'Chichewa, kumufunsa akuti kwawo ndi ku Mangochi! Mwana ameneyu vinyo akumudziwa ngati anabadwira m'munda momwemo, amawafotokozera azungu a tebulo linalo kuti Pinotage ndi mphesa ya konkuno, anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, iwo kukamwa yasa kumangogwedeza mitu. Chonsecho mwini wakeyo salawa ndi dontho lomwe, ndalama akuti amatumiza kumudzi ya fizi ya azing'ono ake.

Tipu ndasiya yooneka ndithu, mpaka asisi kundiponda phazi pansi pa tebulo kuti iwe thiransipoti yobwerera ku Cape Town ukuikumbuka koma?